Madzi Saiwala Khwawa: Kya Sand ndi Bilu ya Suweji ya ku Joni

Mzinda wa Johannesburg udamangidwa pamsana pa mtunda. Golide atapezeka mu 1886, anthu adakhoma zikhomo pomwe padali golidepo, pamtandadza wa zitunda wotchedwa Witwatersrand, kutali ndi mtsinje waukulu uliwonse. Mvula ikagwa pamtundapo imagawika pawiri. Ina imatsikira kum'mwera, mu mtsinje wa Klip, n'kukathira mu Vaal. Ina imatsikira kumpoto, mu Jukskei, n'kulowa mu Crocodile mpaka kukafika ku Limpopo. Madzi ochokera m'zimbudzi nawo amatsata njira zomwezo, ndipo sawerenga zikwangwani zosonyeza malire a makhonsolo. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mbiri ya suweji ya mzindawu ndi ya anthu amene kwa zaka zoposa 100 ankalemba malire a ndalama mbali ina pomwe madzi akulowera mbali ina.

Ndasankha kuyang'ana mbiriyi kuchokera ku Kya Sand, kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu, m'dera la Randburg. Dzinali ndi la malo a mafakitale, komanso ndi la mudzi waukulu wa zisakasa zamalata womwe udamera pambali pake. Mmenemo mumakhala nzika za South Africa pamodzi ndi anthu ochokera ku Zimbabwe, ku Mozambique ndi kwathu ku Malawi, moti ukamayenda m'tinjira take sudabwa kumva Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka. Mu 2016 wojambula zithunzi Johnny Miller adaujambula mudziwu ali ndi kamera youluka, ndipo chithunzicho chidafala padziko lonse: mbali imodzi madenga othithikana a Kya Sand, mbali inayo nyumba za Bloubosrand zokhala ndi mitengo ndi maiwe osambira. Chimene chithunzi sichingaonetse ndi zomwe zili pansi pa nthaka. Mbali imodzi kuli mapaipi, mbali inayo kulibe. Funso langa ndi lakale monga mzinda womwewo: anthu oyandikana akamathira zonyansa zawo m'khwawa limodzi, alipire ndani, zingati, ndipo powerengerapo akusiyidwa ndani?

Poyamba penipeni Johannesburg idalibe mapaipi a suweji. Kuseri kwa nyumba kunkakhala kachimbudzi ka ndowa, ndipo usiku kunkadutsa ngolo zokokedwa ndi ziweto kudzatenga ndowa zodzaza n'kusiya zopanda kanthu. Osenza ndowazo adali amuna achikuda ochokera kumidzi, ogona m'makomponi a khonsolo. Mu June 1918 amunawa adanyanyala ntchito pofuna kuti awakwezere malipiro. Anthu 152 adamangidwa, ndipo khoti lidawalamula kugwira ukaidi wa miyezi iwiri, ntchito yake yomweyo yosenza ndowa, koma tsopano mosalipidwa komanso moyang'aniridwa ndi alonda a zida. Eni nyumba ankalipira khonsolo ndalama ya ukhondo, inde, koma ndalamayo inkachepa chifukwa gawo lina la mtengo lidali pamapewa pa anthu amene sankaloledwa kutchula mtengo wa thukuta lawo.

Nanga zonyansazo zinkapita kuti? Mu 1904 mumzindamo mudabuka mliri. Akuluakulu a khonsolo adatentha dera la anthu osauka lomwe lidali pafupi ndi Newtown wa lero, ndipo anthu achikuda adawasamutsira ku Klipspruit, kutali kum'mwera chakumadzulo, pafupi ndi malo amene khonsolo idasankha kuti kuzitayidwa suweji ya mzinda. Mudzi umenewu, womwe mu 1934 udatchedwa Pimville, ndiwo mbewu ya Soweto. Mbiri ya Sophiatown ikunena zofanana: khonsolo itaika malo otayira zonyansa chapafupi, azungu adasiya kugula mapoloti kumeneko, ndipo mwini malo adayamba kugulitsa kwa anthu amitundu ina. Apa tikuona njira yachiwiri yolipirira suweji imene siilembedwa pa risiti. Wina amapereka ndalama, wina amapereka mphuno ndi thanzi la ana ake.

Ndalama zenizenizo nazo zidagawidwa potsata khungu. Lamulo la mu 1923 lokhudza anthu achikuda m'mizinda lidati khonsolo iliyonse izisunga thumba lapadera loyendetsera malokeshoni. M'thumbamo munkalowa lendi, zindapusa, ndi phindu la mowa wamasese womwe khonsolo inkagulitsa yokha m'nyumba zake zomwera. Taganizirani mmene zidalili. Munthu ankadzuka m'bandakucha ku Soweto kapena ku Alexandra, n'kukagwira ntchito m'fakitale ya m'tauni ya azungu, n'kugula zosowa zake m'sitolo ya m'tauni yomweyo. Fakitale ndi sitolo zija zinkapereka msonkho wa malo ku khonsolo ya azungu, ndipo msonkhowo unkakonza misewu ndi mapaipi a kumeneko. Madzulo munthu uja ankabwerera kulokeshoni kumene malamulo sankalola mabizinesi akuluakulu, ndipo ankauzidwa kuti chimbudzi chake alipire ndi lendi ndi chipanda cha mowa. Mu 1973 boma lidalanda Soweto m'manja mwa khonsolo ya Johannesburg n'kuipereka ku West Rand Administration Board, ndipo kathandizo kamene khonsoloyo inkaperekako kadadukira pomwepo. Agogo athu amene adapita ku Joni ndi Wenela adagwira ntchito m'chuma chomangidwa motere.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomweyo, kumpoto kwa mtunda uja, matauni a azungu adasonyeza kuti kugawana paipi n'kotheka. Randburg idakhala ndi khonsolo yakeyake mu 1959, Sandton mu 1969. Aliyense adali ndi meya wake, msonkho wake ndi kunyada kwake. Koma onse adali m'chigwa cha Jukskei, ndipo suweji ndi yotsika mtengo ikamayenda yokha motsetsereka kusiyana ndi kuipopa kukwera mtunda. Johannesburg idali itamanga malo aakulu oyeretsera madzi a suweji kumunsi kwa chigwacho, pafamu ya Diepsloot, omwe amatchedwa Northern Works, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 malowa adali akugwira ntchito. Matauni oyandikana adalumikiza mapaipi awo ku chipaipi cha Johannesburg n'kumalipira. Mpaka lero malowa amalandira madzi ochokera ku Randburg, Sandton, Alexandra ndi mbali zina za Edenvale ndi Bedfordview, malita oposa 400 miliyoni patsiku pamene zonse zikuyenda bwino. Amene adadutsako ku Dainfern, mudzi wa anthu olemera wokhala ndi bwalo la gofu, adachiona chipaipicho chikuwoloka chigwa pamwamba pa mizati italiitali ngati mlatho wa sitima.

Kugawana mtengo wa chipaipi chotere si nkhani yapafupi, ndipo njira iliyonse ili ndi amene imam'komera. Mukati aliyense alipire molingana ndi madzi amene watumiza, tauni ya mapaipi akale olowa madzi a mvula ilira. Mukati tiwerenge mitu ya anthu, dera lothithikana la osauka lilipira zambiri kuposa dera la nyumba zochepa zokhala ndi mabafa atatuatatu. Mukati tiyese mtengo wa malo ndi nyumba, olemera anena kuti akulipirira anzawo. Palinso fakitale imene madzi ake ndi ovuta kuyeretsa kuposa a m'nyumba. Palinso funso la mawa: paipi imakwiriridwa kamodzi kuti itumikire zaka makumi angapo, tsono malo a anthu amene sadabwere alipire ndani lero? Mzinda wa London udalimbana ndi mafunso omwewa. Tizigawo take tambirimbiri tinkangothira mu Thames, mpaka mu 1855 padakhazikitsidwa bungwe limodzi la ntchito za mzinda wonse, ndipo fungo loopsa la m'chilimwe cha 1858 lidakakamiza aphungu kulola kuti Joseph Bazalgette amange mapaipi aakulu. Ku Johannesburg matauni a kumpoto adagwirizana popanda kudikira fungo lotero, chifukwa onse okhala pa tebulo adali ndi voti ndiponso thumba. Amene adalibe voti sadaitanidwe.

M'zaka za m'ma 1980 dongosololi lidayamba kung'aluka. Lamulo la mu 1982 lidapatsa malokeshoni makhonsolo awoawo ndi kuwauza kuti adzidalire pa chuma. Popeza kudalibe mabizinesi okhomera msonkho, makhansala adakweza lendi ndi ndalama za madzi, zinyalala ndi suweji. Pa 3 September 1984 anthu a m'malokeshoni a ku Vaal adaukira kukwera kwa lendi, ndipo moto wake udafalikira dziko lonse. Boma lidayankha ndi lamulo la mu 1985 lokhazikitsa ma Regional Services Council, makhonsolo a chigawo osonkhanitsa matauni a azungu ndi malokeshoni pa ntchito zikuluzikulu monga madzi ndi suweji. Ndalama zake zinkachokera ku misonkho iwiri ya mabizinesi, wina pa malipiro a antchito, wina pa zogulitsa, ndipo zina zidakonzadi mapaipi m'malokeshoni. Koma mphamvu ya voti ya tauni iliyonse m'khonsolo yotere inkayesedwa ndi kuchuluka kwa ntchito zimene tauniyo inkagula. Kunena mwachidule, wogejemula kwambiri ndiye adali ndi mawu aakulu.

Anthu a ku Soweto sadakhutire. Kuyambira mu 1986 adanyanyala kulipira lendi ndi mabilu, ndipo mfuu yawo idali yakuti mzinda ndi umodzi, thumba la msonkho likhalenso limodzi. Mfuu imeneyi ndimaiona ngati chiganizo chanzeru kwambiri m'mbiri yonseyi, chifukwa idasintha funso. Mmalo mofunsa kuti tauni iyi ilipire zingati kwa inzake, idafunsa ngati adalidi matauni awiri. Kunyanyalako kudafikitsa ku pangano la Soweto la mu September 1990, lomwe lidafafaniza ngongole zakale, ndipo mu 1991 padayambika bwalo la zokambirana za tsogolo la mzinda lomwe wapampando wake adali Frederik van Zyl Slabbert.

Chisankho cha makhonsolo cha mu November 1995 chitachitika, mzinda udakhala ndi khonsolo yaikulu pamwamba ndi zigawo zinayi pansi pake. Sandton idamangidwa mtolo umodzi ndi Alexandra m'chigawo cha kum'mawa, Randburg idalowa m'chigawo cha kumpoto. Mu 1996 msonkho wa malo udaikidwa wofanana m'zigawo zonse, masenti 6.45 pa randi iliyonse ya mtengo wa poloti, ndipo ndalama zotsala za kum'mawa ndi kumpoto zidatengedwa kukathandizira kum'mwera ndi kumadzulo. Ku Sandton, komwe msonkho udali wotsika kwa zaka zambiri, mabilu adakwera kwadzaoneni, ndipo tsopano adali olemera amene adanyanyala. Makampani akuluakulu, motsogozedwa ndi Fedsure, adakasuma. Mu October 1998 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidati msonkhowo udali wovomerezeka. Pa nkhani yotenga ndalama chigawo china kupatsa china oweruza adagawanika pakati mofanana, choncho apilo ya makampaniwo idagwa. Chaka chomwecho, pa mlandu wa khonsolo ya Pretoria ndi Walker, khoti lomweli lidati si tsankho losayenera kuti dera lolemera lithandizire dera losauka pa mabilu, ngakhale lidatsutsa zosumira anthu a dera limodzi okha chifukwa cha ngongole. Mu December 2000 zigawo zija zidatha, padatsala khonsolo imodzi, ndipo mu 2001 kampani ya khonsoloyo, Johannesburg Water, idatenga madzi ndi suweji za mzinda wonse. Pa pepala, mfuu ya ku Soweto idapambana.

Mudzi wa Kya Sand udabadwa m'zaka zomwezo za mkangano. Malamulo a mapasi atathetsedwa mu 1986, anthu adayamba kumanga pafupi ndi kumene kudali ntchito, ndipo kumpoto kwa Randburg ntchito idaliko: mafakitale, zomangamanga, minda ya maluwa ndi makhitchini a m'nyumba zatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zisakasa zidayamba kumera ku Kya Sand. Chapafupi, pafamu ya Zevenfontein, padali kale mudzi wina wotere. Mu 1992 boma la chigawo cha Transvaal litaganiza zosamutsira anthu a ku Zevenfontein pafupi ndi Bloubosrand, eni nyumba a kumeneko adakana kwamtuwagalu. Boma lidatembenukira ku Diepsloot. Eni malo a kumenekonso adapita kukhoti, akudandaula za umbava, kuipitsidwa kwa madzi ndi mpweya, ndi kutsika kwa mitengo ya malo awo, koma mu 1994 adagonja. Motero mudzi wa Diepsloot udakula moyandikana ndi Northern Works. Patapita zaka 90 kuchokera pa Klipspruit, osauka adapezekanso ali pakhomo pa malo olandirira zonyansa za mzinda. Ena a ku Zevenfontein pambuyo pake adapeza nyumba zokhala ndi zimbudzi zamadzi ku Cosmo City. Kya Sand idatsala pomwepo, ndi mipope yogawana, zimbudzi zokumba ndi zimbudzi zapulasitiki zamankhwala zondandalikidwa m'mbali mwa njira. Mtaya wa zinyalala wa khonsolo womwe udali pafupi udatsekedwa mu 2010, koma otaya mozemba adapitiriza, ndipo utsi wa zinyalala zoyaka umalowa m'zisakasa ndi m'nyumba za njerwa mosasankha.

Lero mwini nyumba wamba ku Johannesburg amalipira suweji molingana ndi kukula kwa poloti yake: mtengo wina pa poloti yosapitirira masikweya mita 300, wokwererapo mpaka 1,000, wina mpaka 2,000, ndi wapamwamba kupitirira apo. Njirayi ili ndi nzeru yake, pakuti poloti yaikulu kawirikawiri ndi ya munthu wopezako bwino. Koma imayambira pa poloti yokhala ndi nambala. Chisakasa cha ku Kya Sand chilibe nambala yotere, chilibe akaunti, ndipo chifukwa cha ichi ena amati anthu ake sapereka kanthu. Dandaulo la mwini nyumba wa ku Bloubosrand sindilipeputsa. Amalipira mwezi ndi mwezi, koma kamtsinje ka pafupi naye kakununkha. N'zoonanso kuti paipi siingakwiriridwe pomwe palibe msewu woyezedwa, kuti mbali ina ya mudziwu ili m'malo osefukira madzi, ndiponso kuti Northern Works yomweyo imalemedwa, ndipo magetsi akazima kapena makina akafa imatayira mu Jukskei madzi osayera bwino.

Komabe mawu oti sapereka kanthu ndi omwe aja ankanenedwa za Soweto, ndipo yankho lake silidasinthe. Mayi wotsuka zimbudzi za ku Fourways ndi bambo wonyamula katundu m'fakitale ya ku Kya Sand ndiwo amapangitsa kuti nyumba ndi fakitale zimenezo zikhale ndi mtengo wokhomerapo msonkho. Pa sopo amalipira msonkho wa VAT wa 15 pa 100 iliyonse monga wina aliyense. Ambiri amalipira lendi kwa mwini chisakasa. Kuwonjezera apo amalipira ndi mwana wotsegula m'mimba, ndi mantha a mtsikana amene sangapite kuchimbudzi usiku. Mzinda nawo sukupulumutsa ndalama ayi. Chimbudzi chapulasitiki chimafuna galimoto yodzapopa mlungu ndi mlungu, chaka ndi chaka, ndipo zopopedwazo zimakathera m'dongosolo lomwelo la suweji. Ndowa ya mu 1918 idangosintha maonekedwe. Za akudza ngati ife, malamulo oyendetsera dziko a mu 1996 amati aliyense ali ndi ufulu wopeza madzi okwanira, ndipo mawu ake ndi akuti aliyense, osati nzika yokha. Kolera nayo siifunsa pasipoti.

Pali woyandikana wina amene sapezeka pa tebulo. Kamtsinje kodutsa ku Kya Sand kamathira mu Klein Jukskei, kenako mu Jukskei, kenako mu Crocodile, ndipo madzi onsewo, pamodzi ndi otuluka ku Northern Works, amakaima m'damu la Hartbeespoort. Damuli lili m'chigawo china, cha North West, pansi pa khonsolo ya Madibeng. Chonde chochokera m'zimbudzi ndi m'sopo wa Johannesburg chimadyetsa namasupuni, udzu womwe uja timaudziwa pa mtsinje wa Shire, moti nthawi zina umaphimba gawo lalikulu la damulo. Alimi othirira ndi anthu okhala m'mphepete mwake savota ku Johannesburg. Kuphatikiza matauni kudafafaniza malire ena, koma khwawa ndi lalitali kuposa mzinda.

Ndikulemba izi m'Chichewa chifukwa funsoli likutidikira kwathu. Blantyre ndi Limbe adaphatikizana mu 1956, koma mapaipi a suweji amafika m'madera ochepa, pomwe Ndirande ndi Mbayani amadalira zimbudzi zokumba, ndipo aliyense wodutsa pa mtsinje wa Mudi amadziwa kumene zotsala zimathera. Ku Lilongwe, Mtandire ndi Area 47 akuyang'anana monga Kya Sand ndi Bloubosrand. Mizinda yathu ikusefukira kunja kwa malire ake, ku Lunzu, ku Chileka, ku Mpemba, m'madera a makhonsolo a maboma ndi a mafumu. Tsiku lina padzafunika chipaipi chimodzi, ndipo makhonsolo awiri adzakhala pansi ndi makakyuleta.

Tsikulo likadzafika, mbiri ya ku Joni ili ndi zotiuza. Kuwerengera kuyambire pa khwawa lonse, kuchokera kumtunda mpaka kumene madzi akukaima, ndipo malire a makhonsolo abwere pambuyo. Powerenga anthu, awerengedwe onse ogona m'chigwacho, a paipi ndi opanda paipi, chifukwa zonyansa za onse zikukathera kumodzi. Amene akusunga fungo ndi matenda alembedwe kuti alipira kale gawo lina. Ndipo voti pa tebulo logawira bilu isayesedwe ndi kuchuluka kwa madzi amene munthu amagejemula. Johannesburg idatenga zaka 114, kuyambira 1886 mpaka 2000, kuti ivomere kuti ndi mzinda umodzi wa thumba limodzi. Ku Kya Sand galimoto yopopa zimbudzi ikubwerabe, ndipo mapaipi akudutsa tsidya lina la msewu.